Zipata Ziwiri za a Mapasa

Inu amene mumati mizimu imaopa magetsi, khalani bwino mumve, chifukwa izi zinachitikira m'chipinda chowala usana wonse, chozizira ngati m'furiji, momwe ngakhale kangaude saloledwa kumanga.

Kumapiri a kumwera uko, komwe chiperoni chimakhala ngati kwawo, kuli chipatala china cha mishoni. Kumeneko kunali amuna awiri oyang'anira makompyuta, Layisoni ndi Wayisoni. Anali mapasa, ofanana moti mayi awo omwe ankayamba awatembenuza kaye asanakwapule wolakwa. Anthu apachipatalapo anatopa nako kufunsa kuti ndinu uti inu, basi anangowapatsa dzina limodzi: a Mapasa. Kompyuta ikakana ku labu ankangoitana kuti "a Mapasa", ndipo amene ali pafupi ndiye ankayankha. Kaya wabwerayo ndi Layi kaya ndi Wayi, a ku labu analibe nazo ntchito, bola kompyuta yayaka.

Netiweki ya chipatalacho anaimanganso monga momwe iwo ankakhalira. Chilichonse chochoka pa makompyuta kupita mumzinda, kaya zithunzi za ekisire zoti dokotala wamkulu akaone, kaya maoda a mankhwala, chimayenera kutulukira pachipata. Sindikunena chipata cha a Namakhwa, mlonda wapachipatalapo, ayi. Ndikunena siwichi yaikulu, bokosi lachitsulo lodzaza timabowo ta zingwe ndi tinyali tobiriwira. Layisoni anakaniratu zoti chipata chikhale chimodzi.

"Kali kokha n'kanyama, Wayi," anatero. "Tsiku loti chafa tidzauza chiyani odwala?"

Ndiye anaika masiwichi awiri, ina pamwamba pa inzake. Yapamwamba inkatulukira pa chingwe chodutsa m'mbali mwa msewu, yapansi inkatulukira pa mlongoti wa pamwamba pa phiri. Onse awiri anawapatsa adiresi imodzi, kuti makompyuta azingoitana dzina limodzilo osadziwa kuti wayankha ndani. Katundu ankagawana pakati: labu ndi ekisire kwa yapamwamba, mawodi ndi kosungira mankhwala kwa yapansi. Pakati pawo panali kachingwe kabuluu, kafupi, kolankhulirana. Kamphindi kalikonse imodzi inkauza inzake kuti "ndilipo", inayo n'kubweza kuti "ndilipo". Imodzi ikangoti zii, yotsalayo inkasenza katundu yense, anthu osadziwa n'komwe kuti kwagwa kanthu. Atamaliza, Layisoni anamata tepi pa iliyonse. Yapamwamba analemba kuti Layi, poti iye ndiye anayamba kubadwa ndipo sankalola kuti dziko liiwale. Yapansi analemba kuti Wayi.

Layisoni sanadwale nthawi yaitali. Mvula itangoyamba anadandaula mutu, ndipo chimanga chisanafike m'mawondo anali atapita. Analibe mkazi. Ankadya kwa m'bale wake, ndipo kumeneko ndi komwe kunalira anthu.

Azakhali awo, a Nankhoma, anachedwa panjira chifukwa cha matope, anapeza manda atakwirira kale. Asanakhale n'komwe pansi anafunsa.

"Mvunguti mwaikamo?"

Anthu anangoyang'anana. Kwawoko, wina wa mapasa akatsogola, amamugoneka pambali pake chipatso chachitali chija cha mvunguti, kuti aziyesa kuti mnzake ali pomwepo, asabwerere kudzamutenga. Koma maliro anayendetsa ndi a tchalitchi komanso anzawo a kuntchito, ndipo palibe anakumbukira.

"Mwamuika yekha," anatero azakhaliwo, akuyang'ana Wayisoni. "Munthu woti chibadwire sanagonepo yekha. Mwanangu, ameneyu akubwerera. Mvula iyi isanathe akutenga."

Wayisoni anawagwira dzanja mwaulemu n'kuwauza kuti zimenezo n'zakale. Mumtima analibe mantha. Munali mbee basi, ngati nyumba yosamukamo anthu.

Posakhalitsa mphenzi inagwa pa chingwe cha kumsewu n'kuwotcha siwichi yapamwamba. Wayisoni anaipeza ikununkha utsi. Anaimasula, anaiika pansi pa tebulo, n'kusiya kachingwe kabuluu kaja kakulendewera, mbali imodzi yokha ili mu Wayi. Sanade nkhawa, poti anaika ziwiri chifukwa cha tsiku ngati limenelo. Anatsegula laputopu kuti aone Wayi itasenza zonse.

Wayi inali itasenza theka lake lokha. Ndipo inkanena kuti mnzake alipo.

Anapukuta magalasi n'kuyang'ananso. Kanyali ka pa kachingwe kabuluu kankangoti phethi, phethi, monga kankachitira masiku onse, chonsecho nsonga ya chingwecho inali m'malere. Anathamangira ku labu akuyembekeza kukapeza anthu atakwiya. Anapeza akugwira ntchito, wina akuimba kanyimbo.

"Zikuyenda?"

"Zikuthamanga zedi lero, a Mapasa. Mwathiramo chiyani?"

Musaganize kuti munthuyu anali wokhulupirira zilizonse. Anafufuza. Anatsatira chingwe chilichonse mpaka kudenga, poganiza kuti mwina wina walumikiza kamakina kake mobisa. Anazimitsa Wayi n'kuiyatsanso. Anasintha kachingwe kabuluu n'kuika kena katsopano, n'kukasiyanso kakulendewera. Kanyali kanayambiranso. Dzuwa litapendeka anakhala pa mpando, manja ali m'khosi, akungokayang'ana. Kenaka mawu anangotuluka okha.

"Ndiwe, Layi?"

Phethi, phethi.

Thupi linachita tsemwe, inde. Koma pansi pa tsemwelo mtima unati myaa, ndipo tsiku limenelo anadya n'kupempha zina, koyamba chichitikire maliro.

Kuyambira pamenepo tinthu tinayamba kusuntha. Sikuludiraiva yake yofiira inkasowa pa tebulo n'kukapezeka pa windo, pomwe Layisoni ankakonda kuiiwala. Akasiya tiyi kuti azizire, ankamupeza atatsika pang'ono m'kapu. M'mawa wina akulowa pageti, a Namakhwa anamuyang'ana, n'kuyang'ana kumbuyo kwawo, n'kumuyang'ananso.

"Mwatulukira kuti, a Mapasa? Si mwalowa kale inu?"

"Mwina mwaona wina, achimwene."

"Wina wa chikwama chomwechi?" Chiyambire tsikulo mlondayo ankati akamuona akubwera, n'kupeza chochita kuseri kwa kanyumba kake.

Tsiku lina nkhungu itatseka msewu, Wayisoni anaona munthu patsogolo pake, akuyenda mopendekera kumanzere monga ankayendera Layisoni, chikwama chili paphewa. Anafulumira kuti amupeze, munthuyo osayandikira. Anachepetsa, munthuyo osatalikira. Pokhota pa mitengo ya bulugamu panalibenso munthu, koma mbuzi zomwe zinali pamenepo zinali zitatembenukira kumodzi zonse, zitasiya kudya.

Ntchito nayo inapepuka. Ankamuitana ku wodi ya amayi kuti kompyuta yafa, iye pofika n'kupeza namwino akulemba bwinobwino.

"Mwaiwala chiyani, a Mapasa? Mwakonza kale."

Iye ankangoseka n'kubwerera. Kunena zoona, Wayisoni anali pabwino. Ananenepa, masaya anabwerera. M'mawa uliwonse akatsegula chipinda chozizira chija ankayamba wanena kuti "ndilipo" asanavule jekete, kanyali n'kuphethira, tsiku n'kuyamba. Ankakamba nako za mpira, za mtengo wa feteleza, za namwino wina amene Layisoni ankamufuna koma osalimba mtima. Munthu woferedwa woti akuyenda akuimba mluzu, anthu anayamba kumuyang'ana chammbali.

Siwichi yatsopano inafika kuchokera mumzinda ili m'katoni. Mayi Muhiwa, oyendetsa chipatalacho, anamuitana ku ofesi.

"Muika liti, a Mapasa? Munkatiuza nokha kuti chipata chimodzi n'choopsa."

"Ndiyambe ndaiyesa kaye, mayi. Zatsopanozi sizidalirika."

Bodza lenileni. Ankadziwa kuti akangoika nsonga ya kachingwe kabuluu m'bokosi latsopanolo, woyankha adzakhala bokosilo. Katoni anaikankhira pansi pa tebulo, pafupi ndi yopsa ija, n'kumaikapo mapazi.

Amene sankagona anali mkazi wake, Enifa. Galu wawo anali atayamba kuthamangira kumpanda madzulo, akugwedeza mchira, n'kubwerera pang'onopang'ono ngati akuperekeza munthu. Mwana wawo Lonjezo, wosayamba n'komwe sukulu, ankakoka mipando iwiri pakhonde m'malo mwa umodzi. Atamufunsa, mwanayo anangoti, "Nanga akhala pati?"

"Bambo a Lonjezo," anatero Enifa tsiku lina akuchotsa mbale, "ine ndikuopa. Ndikunena poyera, ndikuopa. Simukuona kuti akukuzungulirani?"

"Akundithandiza ntchito, mayi a Lonjezo. Walakwa chiyani?"

"Nkhuku nayo amayamba aipatsa madeya asanaigwire. Azakhali anati mvula isanathe. Mvula yatha?"

Sanadikire yankho. Anatumiza uthenga kumudzi, ndipo a Nankhoma anabwera okha pa minibasi atafukata mvunguti m'chitenje ngati khanda. Anauika patebulo, unali wautali ngati mkono.

"Upite kumanda, ukakumbe pambali pake, ukauike. Unene kuti Layisoni, m'bale wako ndi uyu, gona. Ukatero usacheuke."

"Ndikamunamize, azakhali?"

"Ukamunamize, ee. Kapena ukufuna akakugoneke iweyo?"

Pofuna mtendere m'nyumba, Wayisoni anavomera. Anauika m'chikwama cha zipangizo, n'kumayenda nawo. Akafunsidwa ankati mawa, mawa likafika ankati kwaterera. Chikwama chinkamulemera, anzake ankamuseka kuti wanyamula mwala, koma kumanda osapita. Paja amati zengerezu adalinda kwawukwawu, ndipo uyu analinda kwenikweni.

Chakumapeto kwa mvula kunawomba chimphepo chomwe chinasasula madenga a makalasi ndi kugwetsa nthochi. Masana ake Wayisoni atatsegula laputopu anapeza kuti Wayi yasowa potulukira. Mphepo inali itapotoza mbale yotumizira mauthenga ya pa mlongoti. Komabe chipatala chonse chinkagwira ntchito, mawodi, labu, mankhwala, zonse. Katundu yense anali atapita kumbali ija yopanda bokosi. Kanyali kankaphethirabe, koma mochedwa, ngati munthu wopuma movutikira pokwera chitunda.

"Iyayi, sungasenze zonse wekha," anatero. "Ndikubwera."

Anatenga chikwama n'kuyamba kukwera phiri, osauza munthu. Njira yake ndi yodutsa m'minda ya tiyi, kenaka m'miyala. Nkhungu inamupeza atayandikira mlongoti. Mwala womwe ankaupondapo chaka ndi chaka unali utafukulidwa pansi ndi madzi, ndipo atangouponda unanyamuka naye. Anagubuduka mpaka m'chigwembe. Anamva mwendo ukuti thyo, mutu n'kumenya penapake, kenaka kunada.

Atatsitsimuka kunali kukuchita mdima, mvula ikuwaza. Foni inali itasweka. Anayesa kukwawa, ululu unamubweza. Anakuwa mpaka mawu anasasa, koma kuphiri kuja mvula ikamagwa kulibe amene amayendako. Kuzizira kunayamba kumulowa m'mafupa.

Ndiye anamva timiyala tikugubuduka, ngati wina akutsika mosamala. Timiyalato tinaleka. Udzu wa pambali pake unagona, ngati pakhala munthu. Sanatembenuke. Anangomva kuti mbali imeneyo mvula yasiya kumumenya.

Apa mantha anamugwira enieni. Anati basi, azakhali ananena, wabwera kudzanditenga. Anaganiza za Enifa ndi Lonjezo, ndipo anazindikira kuti sakufuna kupita, ngakhale ndi Layi amene. Dzanja linafufuza chikwama kuti atulutse mvunguti, koma chikwama chinali chitagwera kutali.

"Ulipo?"

Mawuwo anali apansipansi, ngati ochokera m'chifuwa chake chomwe.

"Ndilipo," anayankha, mano akugundana.

Panapita kamphindi. "Ulipo?"

"Ndilipo."

Sanakambe china. Tulo tikati timutenge, funso lija linkabwera, iye n'kudzikoka kuti ayankhe. Anayankha mpaka lilime linalemera. Kenaka funso linabwera, iye analimva bwinobwino, koma pakamwa panakana kutseguka. Linabweranso. Linabweranso kachitatu, mokweza. Ndiye udzu uja unadzuka, mvula inayambanso kumumenya, ndipo anamva mapazi akukwera chigwembe mothamanga, kulowera kumunsi kwa phiri.

Anadzidzimuka kukucha, ali pa machira, amuna anayi akutsika naye. Kutsogolo kunali a Namakhwa, tochi ikuyakabe m'manja ngakhale kunali kutayera. Mlondayo sanamuyang'ane kumaso, ankangobwereza kuti, "Gwirani bwino, gwirani bwino."

Kuchipatala anamufunditsa mabulangete, anamujambula mwendo, chithunzi n'kupita kwa dokotala wa mumzinda, yankho n'kubwera nthawi yomweyo. Wayisoni ali chigonere anadziwa kuti chithunzicho chatulukira pachipata cha Layi, poti mlongoti sanaufike kuti aukonze. Dokotala wapachipatalapo anamuuza kuti kuzizira kuja kukanamumaliza dzuwa lisanakwere.

A Nankhoma anafika masana, anakhala pamphepete pa bedi n'kuyamba. Ndinanena ine. Anakukankha ndi iyeyo. Mwayi wako ndi woti mvunguti unali pafupi, wasokonezeka nawo. Anayankhula mpaka anatopa, kenaka anatuluka kukafuna madzi otentha. Nthawi yonseyo Enifa, maso ali ofiira, ankangosalaza bulangete pomwe panali posalala kale.

"Munadziwa bwanji komwe ndinali?" anafunsa Wayisoni. "Sindinauze munthu."

Enifa anayang'ana kukhomo kaye, kenaka anasendera pafupi.

"Sindinakufuneni msanga chifukwa a Namakhwa anandiuza kuti akuonani mukulowa m'chipinda chanu chija. Ndinati muli pantchito, ndinagona. Ndiye ndinamva odi."

"Odi?"

"Mawu anu enieni. Nditasuzumira pawindo ndinaona inu, mutaima kunja kwa khonde, mvula ikukuthirani, galu atagona pamapazi panu. Ndinati lowani bambo a Lonjezo, mukudikira chiyani? Osasuntha. Ndinatsegula chitseko, ndinati lowani. Ndiye anayankha." Enifa anatsitsa mawu. "Anati, alamu."

Wayisoni anatseka maso.

"Pamenepo ndinadziwa kuti si inu. Inu simunganditchule choncho ngakhale mutaledzera. Anati, alamu, dzutsani anthu. Ali m'chigwembe cha kumunsi kwa mlongoti, wasiya kuyankha. Pakhomo sanaponde, bambo a Lonjezo. Anaima patali mwaulemu ngati kale, manja ali kumbuyo. Ndinathamanga osavala nsapato."

"Ndiye mwaona," anatero Wayisoni, mwachimwemwe. "Mwaona? Sanabwere kudzanditenga. Azakhali alakwitsa. Tingokhala momwemu, iye mbali yake, ine mbali yanga. Katoni ija ndibweza mumzinda, ndinena kuti..."

"Ananenanso china."

Anamudikira. Enifa anagwira dzanja la mwamuna wake ndi manja onse awiri.

"Nditatembenuka kuti ndizithamanga, anati, akachira mumuuze aike makina atsopano aja. Anati, ndimafuna kupita kalekale, koma m'mawa uliwonse amandiitana, ndiye ndingamusiye bwanji? Ndatopa, alamu."

M'wodimo munali phokoso la masiku onse, mabeseni, mawilo a mabedi, mwana akulira chapatali. Wayisoni sanamve chilichonse. Anatembenukira kukhoma, ndipo Enifa anamusiya.

Tsiku lomwe anamulola kuyenda ndi ndodo, sanapite kunyumba. Anauza mkazi wake kuti amuperekeze kuchipinda chozizira chija. Mlongoti anali ataukonza anyamata ochokera mumzinda, ndipo Wayi inali itabwerera pa theka lake. Atatsegula chitseko mawu aja a m'mawa uliwonse anafika pamilomo, koma anawameza. Enifa anakoka katoni ija kuchokera pansi pa tebulo, anang'amba, n'kumugwirira bokosi latsopanolo iye akumanga zitsulo zake. Analumikiza magetsi, analumikiza chingwe cha kumsewu, anaipatsa adiresi yomwe ija ndi theka lake la katundu. Anagwira ntchitoyo pang'onopang'ono, mosamala, monga ankachitira awiri. Kunatsala kachingwe kabuluu kokha, kakulendewera, kanyali kake kakuti phethi, n'kudikira, phethi.

Anaima nthawi yaitali atatsamira ndodo.

"Ndakuchedwetsa, Layi," anatero. "Pepa. Ndisenza ndekha. Pita ukapume."

Anatambasula dzanja, koma kanyali kanazima iye asanakhudze chingwe.

Analowetsa nsonga ija m'bokosi latsopano, kanyali kanayakanso, kakuphethira mwachangu ngati makina ena alionse. Wayisoni anatsetsereka n'kukhala pansi pa simenti yozizirayo, mwendo wa pulasitala uli tantha, ndipo analira maliro a m'bale wake mokweza, ngati uthenga wangofika kumene. Enifa anatseka chitseko kuti odwala asamve, n'kukhala naye pansi pomwepo.